Mizere inayi imene ndinalembera ababa

Ababa anga, Bambo Chalo Mbewe, anakhala m'Zimbabwe muno zaka 63, koma mukanawamva akuyankhula mukanati atsika basi dzulo. Anthu a ku Rimuka, kuno ku Kadoma, ankawadziwa ndi zinthu ziwiri: chifuwa chimene anatuluka nacho mumgodi, ndi chilumba chimene sichinkachoka pakamwa pawo. Ukawapatsa moni uli chiimire unkapulumuka. Ukangolakwitsa n'kukhala pansi ndiye kuti wakwera bwato, ndipo sutsika mpaka akakufikitse kwawo.

Kwawoko ndi ku Chisi, chilumba cha pa nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba ku Malawi. Anachokako mu 1960 ali mnyamata wopanda ndi nsapato zomwe, kutsatira anzawo amene ankabwera kudzafuna ntchito m'migodi ya golide. Kumudzi anasiya amayi awo ndi mlongo wawo wamng'ono, dzina lake Esime. Pa dooko anamulonjeza Esime kuti abwera pakatha zaka ziwiri atamusenzera makina osokera. Ine Mervis, mwana wawo wachiwiri, ndine telala, makina ndili nawo awiri, ndipo nkhani imeneyi sindinkakonda kuimva.

Mumgodi anayamba ngati malayisha, wowola miyala ndi fosholo n'kumathira m'ngolo. Kenako anawakweza n'kuwapatsa makina obowolera thanthwe, ndipo fumbi la makinawo ndi limene linawakhala m'chifuwa. Anakwatira amayi anga, a Jenifa, mwana wa Amalawi anzawo a pa famu ina ku Chegutu. Mgodi utawatula anakagwira ulonda pa famu ya fodya chakumbali kwa Selous. Mafamu atasokonekera, amayi atamwaliranso, ndinakawatenga kuti adzakhale nane ku Rimuka. Katundu wawo yense anakwana m'sutikesi imodzi: jekete la ulonda, Baibulo, chipewa cholimba cha mumgodi chimene anakana kutaya, ndi kalata imodzi.

Kalatayo inali ya Esime, ya mu 1967, yowauza kuti amayi awo amwalira. Inawapeza patatha miyezi itatu maliro ataikidwa. Sanapite, ndipo sanayankhe. Sikuti anali ouma mtima ayi. Ankati ayankha akagula makina aja, chifukwa kulemba kalata chimanjamanja, munthu utalephera kuika mayi ako, ankakuona ngati chipongwe. Chaka chimenecho kunabadwa mwana, chotsatira kunagwa chakuti, chinacho chakuti, manyazi n'kumakula limodzi ndi ana. Paja amati zengerezu analinda kwawukwawu. Pomwe ine ndinkadziwa zinthu n'kuti ababa atasanduka kale mtchona, wosadziwa ngati kwawo amamuwerengera kwa amoyo kapena kwa akufa.

Koma njira ya kwawo sanaiwale ngakhale phazi limodzi. Ankainena mwandondomeko ngati katekisimu, chala chikujambula pansi. Ukakwera bwato pa Kachulu, usatsikire pa dooko lalikulu pamene aliyense amatsikira. Uwauze akuzungulitse kuseri kwa phiri, mpaka uone mwala woyera mbuu ndi zitosi, Mwala wa Akakowa. Pamenepo tsika. Ukakwera mtunda upeza mlambe wamphako, mmene asodzi ankabisalamo mvula ndi maukonde awo, ndipo pathupi pake pali zikhomo zimene ankakwerera ofula njuchi. Ukaupitirira, chitsime chili kumanzere, chokhacho chosawawa mchere mbali yonseyo. Kenako mkuyu umene ankapachikapo chitsulo choitanira anthu ku tchalitchi. Kenako thanthwe la bawo, pamene makolo anagoba maenje a bawo pamwala penipeni. Ukaima pathanthwepo n'kufulatira nyanja, uona mtengo wa bwemba. Pansi pa mtengowo ndiye pakhomo. Chilichonse chinali ndi nkhani yake: wina anaterereka pamwala atasenza matemba, wina analumidwa ndi njuchi mpaka kutupa maso, wina ankabera bawo ali mkulu wa mpingo. Ulendo wa theka la ola unkawatengera masana onse.

Ndinene zoona, ine chilumbacho ndinkadana nacho. Kusukulu anzathu ankatinena kuti ndife mabwidi, anthu opanda kumudzi. Tchuthi chikafika iwo ankakwera basi kupita kwa agogo awo, ife tinkatsala m'komboni kumawerenga malole. Ndiye ufike kunyumba upeze ababa akutamanda mudzi umene ngakhale msewu ulibe, umene iwo eni sanauone chichokereni. Akayamba, ndinkawayankha m'Chishona dala kuti awawidwe. Pakudyanso ankanditopetsa. Nsomba za ku damu akuti n'zozizira, kapenta akuti si matemba. Tsiku lina, ndili kale mayi wa ana, ndinawauza kuti ngati nsomba za kuno zikuwanyansa, basi ya ku Blantyre imanyamuka ku Harare tsiku ndi tsiku. Anangoti, "Aziko ndaba," mawu a Chilapalapa cha mumgodi otanthauza kuti palibe kanthu, n'kupitiriza kudya sadza yawo, nsima ya kuno.

M'nyengo yozizira ya 2022 chifuwa chija chinawagwetsa, n'kugona m'chipatala milungu iwiri. Atatuluka anali munthu wina. Nthabwala zinachepa, ndipo m'mawa wina ndikuwapatsa mankhwala anandigwira mkono n'kunena kuti, "Amake Rufaro, ndikufuna kumva mawu a Esime ndisanagone." Amake Rufaro ndine, Rufaro ndi mwana wanga woyamba. Kupita okha kunali kosatheka. Pasipoti analibe, ya kuno kapena ya ku Malawi, mapepala osonyeza kumene anabadwira analibenso, ndipo chifuwa chimenecho sichikanawafikitsa ngakhale ku Harare. Chimene ankafuna chinali chaching'ono: munthu afike pansi pa bwemba ali ndi foni m'manja, iwo anene kuti pepa, Esime ayankhe.

Munthuyo anapezeka. Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina dzina lake Danieli, mdzukulu wa Amalawi ngati ife, amene amapita ku Limbe kukapikula zitenje ndi mpunga. Anavomera kupatula tsiku limodzi pa ulendo wake wa mu Januwale kuti akafike ku Chisi, bola timulembere njira.

Januwale kwa telala ndi nkhondo. Tsiku limenelo ndinali ndi mayunifomu ali mulu, makolo akungosuzumira pakhomo, Danieli akunyamuka m'mawa mwake. Ababa anakoka mpando wawo n'kuuika pafupi ndi makina.

"Amake Rufaro, siya kaye makinawo. Tenga pepala."

"Baba, muri kuona basa iri? Ntchitoyi mukuiona? Sukulu zitsegula Lachiwiri. Nenani, ndikumva."

"Kumva kwako ndimakudziwa. Tenga pepala."

Ndinang'amba tsamba m'kope langa la miyeso. Ndinalemba mizere inayi. Chilumba cha Chisi, bwato ukwerere pa Kachulu. Mudzi wa Namakoka. Esime Mbewe. Mlongo wake ndi Chalo, amene anapita ku Rhodesia mu 1960. Apo n'kuti ababa asanafike n'komwe pa Mwala wa Akakowa. Iwo anapitiriza, pang'onopang'ono kuti ndisatsalire, akupuma pakati kuti atsokomole. Maso awo anali ndi ng'ala, pepala sankaliona, ankangomva kuti cholembera chikuyenda. Chinkayendadi, koma m'mphepete mwa tsamba, mmene ndinkajambula makola a malaya.

"Za zikhomo za pamlambe walemba?"

"Ndalemba."

"Chitsime kumanzere, osati kumanja. Kumanja kuli manda."

"Kumanzere. Ndalemba, ababa."

Sikuti linali liwiro lokha. Ndinali ndi nzeru zanga, ndipo ndinkaziona kuti n'zakupsa. Ine ndakulira pakati pa Ashona. Kuno mkazi akamulipirira roora, ndiye kuti lobola, amanyamuka n'kupita kwa amuna ake. Inenso ndinachita chomwecho, ndinakakhala ku Chegutu kwa apongozi mpaka amuna anga atamwalira. Ndiye ndinkati mumtima: mtsikana amene anamusiya mu 1960 anakwatiwa kalekale n'kusamukira mudzi wina, mwinanso kumtunda. Mtengo wa bwemba ungathandize chiyani? Munthu amapezeka ndi dzina. Kuwerengera Danieli milambe ndi zitsime ndinkaona ngati kumuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndinapinda pepala, ndinaliika mu envulopu, ndinabwerera pa makina. Kufunsa sindinafunse.

Danieli anabwera patatha milungu iwiri, Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ababa anali atavala jekete kuyambira m'mawa. Ndinawasiya awiriwo pakhonde n'kukateleka tiyi, khutu lili panja.

"Sekuru, ndakasvika. Ndinafika ndithu pa Chisi," anatero Danieli, akuwatchula m'Chishona kuti sekuru, ndiye kuti agogo. "Koma munthu wanu sindinamupeze."

Anafotokoza kuti atatsika pa dooko anafunsa amayi ogulitsa nsomba, anafunsa eni mabwato. Mudzi wa Namakoka panalibe woudziwa, kupatula nkhalamba ina imene inati dzinalo linalipodi, koma mfumuyo inamwalira kalekale, mudzi unagawikana n'kutenga maina ena. Atatchula Esime anthu anamuseka. Anati kuno agogo satchulidwa dzina la paubwana, unene kuti ndi make ndani. Chilumbacho n'chachikulu, chamapiri, midzi ili mbali zonse. Bwato lobwerera linkanyamuka dzuwa litapendeka, katundu wake akumudikira ku Limbe.

"Pa dooko lalikulu unatsikirapo chifukwa chiyani?" anafunsa ababa. "Mwala wa Akakowa sunauone?"

"Mwala upi, sekuru?"

Ine n'kuti ndafika pakhomo ndi thireyi m'manja. Ababa anati, "Pepala lija uli nalo? Tawerenga."

Danieli anandiyang'ana, koma akanatani. Analitulutsa m'chikwama n'kuwerenga. Anamaliza ine ndisanamalize kuthira kapu yoyamba.

"Latha?"

"Latha, sekuru."

Ababa anatembenuzira nkhope kumene kunkamveka makapu. "Amake Rufaro, inki inakuthera?"

Munthu akagwidwa amakalipa, ndipo ine kukalipa sindichita kubwereka. "Ababa, zaka zonsezi! Azakhaliwo anakwatiwa kalekale n'kupita kwa amuna awo. Mumafuna Danieli azikafunsa mitengo?"

"Apite kwa amuna ake kukatani?" Anafunsa motsitsa, ngati akufunsa mwana wa sitandade wani. "Kwathu mkazi sasamuka. Mwamuna ndiye amabwera, n'kumanga nyumba pa malo a apongozi ake. Afe, atope, athawe, mkazi ali pomwepo. Malo aja ndi a mayi anga, ndiye kuti ndi a Esime ndi ana ake aakazi. Mfumu imafa, dzina limasintha, koma mtengo susamuka. Ukanangofunsa, mwana wanga."

Anamwa tiyi wawo, anathokoza Danieli chifukwa cha kuvutika, anavula jekete n'kukagona masanasana. Akanandilalatira bwenzi ndikumvako bwino.

Mlungu womwewo ndinagula kope latsopano, n'kukhala pansi pamapazi awo masana atatu. Ulendo uno ndinalemba zonse, ndi wobera bawo yemwe. Zinadzaza masamba asanu ndi awiri. Danieli anati sangathe kupatulanso tsiku mpaka kumapeto kwa chaka, ndiye ndinati ndipita ndekha. Koma pasipoti yanga inali itatha, ndinadikira yatsopano. Itatuluka, kunabwera mayunifomu a nyengo yozizira. Atatha amenewo, Rufaro anachira mwana ku Chegutu, ndinapita kukamusamalira. Chifukwa chilichonse chinali chomveka, ndipo ababa sanandikumbutse ngakhale kamodzi, chifukwa matenda amenewa ankawadziwa kumene ndinawatengera. Ndinanyamuka mu Ogasiti.

Basi inadutsa Nyamapanda, Tete, Mwanza, n'kundisiya ku Blantyre miyendo itatupa. Kuchoka apo minibasi mpaka Zomba, kenako galimoto yapamtunda yodzaza madengu a nsomba mpaka pa Kachulu. Nyanja imene ndinaimva moyo wanga wonse inali ya madzi ofiirira, yodzaza mabango m'mbali, yonunkha matemba. Nditamuuza mwini bwato kuti andizungulitse kuseri kwa phiri, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, Chichewa chanucho si cha kuno. Mwala wa Akakowa mwaudziwira kuti?"

"Ababa anga ndi a kumeneko," ndinatero.

Mwalawo unalipo, woyera monga ananenera, mbalame zitaima pamwamba. Ndinatsika kope lili m'manja. Mlambe unalipo, m'phako muli mbuzi, zikhomo zinawola koma mabowo ake akuoneka kukwera mpaka kunthambi. Chitsime chinali kumanzere, pambali pake atakumba mjigo. Mkuyu anaudula, koma chitsa chinalipo, patsogolo pa tchalitchi cha njerwa. Pathanthwe wina anali atayanika matemba, ndipo nditawasuntha pang'ono ndi phazi ndinaona maenje a bawo ali m'mizere yake. Ndinafulatira nyanja. Mtengo wa bwemba unali apo, waukulu, pansi pake pali nyumba zitatu. Kuchokera pabwato mpaka pamenepo sindinafunse munthu njira, ndipo theka la ola silinakwane. Apa m'pamene ndinazindikira kuti Danieli akanafika ngakhale atatsinzina.

Pabwalo panali mayi wamsinkhu wanga akupeta mpunga. Anaika lichero pansi, anandiyalira mkeka, tinapatsana moni. Nthawi yonseyi ankandiyang'ana pamphumi.

"Pepani, mphumi imeneyi ndi ya pakhomo pano," anatero. "Inu si mwana wa amalume a ku Rhodesia?"

Anali Sabina, mwana wa azakhali Esime, msuweni wanga. Tinagwirana n'kulira tisanauzane chimene tikulira. Kenako anapukuta maso ndi chitenje n'kundiuza kuti amayi ake anamwalira mu Epulo, mpunga utangoyamba kucha.

Ndinawerenga miyezi ndi zala pansi pa mkeka. Danieli anafika mu Januwale.

"Anangotsala pang'ono kuti amve za malume," anapitiriza Sabina. "Mu Januwale kunamveka kuti pa dooko lalikulu panafika bambo wa ku Zimbabwe, akufunsa Esime. Nkhaniyo inatipeza patatha masiku atatu. Ine sindinailabadire, dzinalo ngakhale ine ndinali nditaliiwala, kuno onse ankangoti Anambewe. Koma amayi atamva anasiya kudya. Akuti, wonditchula Esime watsala mmodzi padziko lapansi, Chalo ali moyo. M'mawa mwake anatenga ndodo n'kudutsa phiri, miyendo yawo ija. Anakhala pa dooko tsiku lonse. Loweruka lililonse ankapitako, mpaka mvula yamkuntho ya mu Malichi itawononga njira. Eni mabwato onse anawauza kuti mlendo uja akadzabweranso, mubwere naye pabwemba."

Kenako Sabina anawonjezera kuti:

"Masiku amenewo anali osangalala, msuweni, osanama. Ankaimba akusesa. Chimodzi chokha n'chimene chinkawadya. Ankati, Chalo angatume munthu osamuuza njira? Ndiye kuti wakalamba, waiwala kwawo. Kodi anaiwaladi?"

Ndinatsegula kope n'kumuwerengera kuyambira pamwala mpaka pabwemba. Sabina ankaseka uku akulira. Wobera bawo uja anali agogo a amuna ake.

"Nanga mlendo uja anasochera bwanji, njira ili chonchi?"

"Anali pachangu," ndinatero.

Ndinakhala masiku anayi. Anandiperekeza kumanda, kumanja kwa chitsime, kumene azakhali anagona pafupi ndi amayi awo. Foni inkagwira bwinobwino ukaima pathanthwe, koma ababa sindinawaimbire, ndinangotumiza uthenga kwa Rufaro kuti kuno netiweki ndi yovuta. Tsiku lonyamuka ndinamupempha Sabina kuti akadzayankhula ndi malume ake pafoni adzanene kuti amayi ake anamwalira kale, ndipo za Januwale asadzazitchule. Anavomera msanga. Anati ndaganiza bwino, nkhalamba yodwala siyenera kumva kuti inaphonya ndi miyezi itatu. Iye ankaona ngati ndikuwamvera chisoni ababa, koma amene ndinkamumvera chisoni ndinali ine.

Ndinafika ku Rimuka masana. Ababa anali panja padzuwa, atameta ndevu. Ndinagwada n'kuwaika m'manja bwemba ndi kathumba ka matemba. Ananunkhiza nthawi yaitali.

"Wamupeza?"

"Ndapeza manda, ababa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Liti?"

Njira yonse, kuchokera ku Kachulu mpaka ku Kadoma, ndinkadziuza kuti pofika pa funso limeneli mwina ndilimba mtima. Sindinalimbe. "Kale, ababa. Papita zaka zisanu ndi chimodzi."

Anapapasa mpaka anapeza dzanja langa. Ababa sanali munthu wogwira ana manja.

"Ndiye leka kudzizunza ndi pepala lija. Ndakhala ndikukumva chibwerereni Danieli, sukudya bwino, sukukalipanso. Ngakhale ukanalemba buku, akanakapeza dothi lomwelo. Wochedwa ndine, mwana wanga. Iwe ulibe mlandu." Anatsokomola, anapuma, kenako anati, "Chondiwawa n'chakuti wapita osadziwa kuti ndili moyo. Wapita akuti Chalo anamutaya."

Apa m'pamene ndinaona chimene ndachita. Ndinali nacho m'kamwa chinthu chokhacho chimene chikanawatonthoza: kuti Esime anamva, anadziwa kuti ndi iwo, anadutsa phiri ndi ndodo kukawadikira, ankaimba akusesa. Koma sindikanatha kuwapatsa chimenecho popanda kuwauza kuti Danieli anafika iye ali moyo, ndi kuti amene anawatsekera njira ndine. Mumtima ndinati ndiwauza mawa, akapeza mphamvu.

Anayankhula ndi Sabina pafoni kawiri, ndipo Sabina anasunga pangano. Matemba anadya, anati tsopano adya nsomba. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamuuza kuti mwana wanga uyu anafika kwathu yekha, osafunsa munthu njira. Koma madzulo ena ndinkawapeza atagwira kalata ija ya 1967, imene sankathanso kuiwerenga, akungoti, "Ndinamulakwira mwana uja." Kangapo ndinafika mpaka pakhomo la chipinda chawo mawu nditakonza, n'kungowafunsa ngati akufuna madzi.

Anamwalira mu Novembala, mvula yoyamba isanagwe. Tinawaika kumanda a ku Rimuka. Pamaliro, mkulu wa bungwe lathu la Amalawi loikana maliro anaimirira n'kunena mbiri yawo: mgodi, famu, chilumba. Pomaliza anandiloza. Anati ana ambiri a masiku ano sadziwa n'komwe kumene makolo awo anachokera, koma Mai Rufaro anasiya ntchito yawo, anawoloka malire awiri ndi nyanja, n'kubweretsera bambo awo zoona za kwawo, kuti agone mtima uli m'malo. Azimayi anavomereza, ena anandisisita pamsana.

Ine ndinangowerama, ndipo anthu anayesa kuti ndi ulemu.